Dimba la Dinnah

Mudzi wa Kalumphira,
Kufupi ndi mtsinje wa Katete,
Seputembala, 1922.

Okondedwa alamu anga a Patson,

Ndayamba ndi kukupatsani moni m'dzina la Ambuye. Muli bwanji ku Halaleko? Chifuwa chija munkadandaula nacho chaka chatha chinakusiyani? Ngati muli bwino, ife tikuthokoza Mulungu. Kuno tadzuka. Amayi alipo, miyendo yokha ndiyo ikuwavuta. Amuna anga a Tobias alipo, sukulu yawo ikuyendabe ngakhale ana achepa chifukwa cha njala. Mwana wanu aliponso. Za iye ndinena bwino kutsogoloku, poti mwini kalatayi ndi iyeyo.

Ndine Loyce amene ndikulemba, ndi dzanja langa. A Tobias anafuna kundilembera, ine ndinakana. Iwo akagwira cholembera amayambira kwa Abrahamu, pofika pa nkhani pepala latha. Tsono mukaona zilembo zikutsetsereka ngati zikupita kumadzi musaseke. Ku sukulu ya misyoni ku Nyanje ndinangophunzirako pang'ono, ndipo manja awa anazolowera munsi.

Papita miyezi itatu chimwalirireni mng'ono wanga Dinnah, mkazi wanu. A Tobias anakulemberani za maliro sabata yomweyo, ndipo tikudziwa kuti kalata ija inafika. Yankho lanu ndi limene silinafike. Sindikukudzudzulani. Chisoni chimagwira anthu mosiyana, ena chimawaliritsa, ena chimawatseka pakamwa. Koma kudikira kwandikanika, ndiye mundilole ndiyankhule ngati mlamu wanu uja mumamudziwa, wa pakamwa posatseka.

Mukukumbuka mmene tinakusekerani chaka chatha mutabwera kudzapuma? Anzanu anabwera ndi mabulangete, nsalu ndi zipewa. Inu munatulukira pamphambano mukukoka chingwe, kumapeto kwa chingwe kuli ng'ombe yaikazi yofiira imene munagula kwa Angoni kufupi ndi Fort Jameson. Dinnah anali atauza kale mudzi wonse za nsalu imene mumubweretsere. Anayang'ana ng'ombe, anayang'ana inu, nkulowa m'nyumba. M'mawa mwake ndi pamene anaitcha dzina lija, Nsaluyanga.

Ine ndiye ndinakusekani kuposa onse. Ndinati mkamwini wathu wabwera ndi mkazi wachiwiri wa miyendo inayi. Ndinatinso munthu wamkulu ndi ndevu zake kumwa mkaka ngati kamwana ka mbuzi, zimenezo kwathu kuno kulibe. Mawu amenewo ndawameza onse, alamu, ndipo sanandikomere.

Mmene Dinnah ankatisiya, mwana anali asanathe mwezi. Ine ana anga ndi aakulu, bere langa linauma kalekale. Amayi anayesa kumuika ku bere lawo, anamwa ndi mankhwala omwe oti mkaka ubwere, koma linangomutonthoza osamukhutitsa. A Stella, a nyumba ya kuseri kwa nkhokwe zathu, anamuyamwitsako masiku angapo. Iwonso ali ndi khanda lawo, ndipo chaka chino mayi aliyense akuyamwitsa m'mimba muli pululu. Anabwera okha kudzamubweza akulira, ine ndinawathokoza. Phala tinayesa, linangomutsegula m'mimba.

Kenaka a Tobias anapita ku misyoni ku Nyanje. Adona a kumeneko anawapatsa botolo la nsonga ya mphira, nkuwaphunzitsa kuwiritsa mkaka ndi kuthirako madzi pang'ono. Nsaluyanga inali itangobereka kumene. Mwana anagwira botolo lija ngati analidziwa kale. Pofika mwezi wachiwiri anali ndi masaya, ndipo anthu amene ankanong'ona kuti atsatira mayi ake anayamba kubwera kudzamunyamula.

Tsono mayi wa mwana wanu lero ndi ng'ombe yanu. Ndipo ng'ombeyo ikutha ndi njala.

Za mvula munamva. Inadula chimanga chikungomasula kumene, ndipo sinabwerenso. Koma sindinamizira mvula yokha. Ife kuno ng'ombe sitinakule nazo. Tinkaiyesa mbuzi yaikulu, yoti ukaimasula m'mawa idzionera yokha.

Inu munalembera Dinnah kuti mvula ikamatha udzu umwetedwe ukadali wauwisi, uumitsidwe, uunjikidwe pansanja, monga mumachitira pa famu ya mzungu wanuyo. A Tobias anayambadi kumweta. Anthu ankaima m'njira nkumawafunsa kuti, "Aphunzitsi, mwayamba kukololera ng'ombe? Nanga ndiwo zake muiphikira ziti?" Amuna angawa mumawadziwa, njala angapirire koma osati kusekedwa. Anasiya atamanga mitolo yochepa, ndipo imeneyo inatha kalekale.

Mapesi anali ochepa ndiponso aafupi, ndipo titangokolola mbuzi za mudzi wonse zinalowa m'minda monga mwa nthawi zonse. Masamba ouma a nsawa, amene tamva tsopano kuti ng'ombe imawakonda koposa, amayi a m'mudzi anawaunjika nkuwatentha kuti apeze phulusa la chidulo. Ife tinali pa maliro, ndipo ngakhale tikanakhalapo sitikanawaletsa, poti sitinkadziwa. Chakudya cha ng'ombe tinachimalizira mu therere.

Tinatsala ndi dambo. Ndiye mwezi watha anthu osaka mbewa anayatsa moto kumtunda, mphepo nkuutenga. Sindingawatukwane, chaka chino mbewa ndiye ndiwo, mbewa ndiyenso nsima. Koma dambo lonse linapsa mpaka kuphiri. Zaka zina palupsa pamaphuka msipu pakangopita masiku. Chaka chino nthaka ilibe chinyezi, mpaka lero ndi phulusa lokhalokha. Nsaluyanga ikapitako imabwera mphuno ili bii, m'mimba mulibe kanthu.

Ntchito yanga tsopano ndi kusakira ng'ombe chakudya. Ndimalawirira ndi chikwakwa kumtsinje kukadula bango lanthete, koma nalonso latha, latsala lokhwima limene limaicheka m'kamwa. Ndimakwera kuphiri kukathyola masamba a mitengo imene yayamba kuphukira. Ena imadya, ena imangonunkhiza nkundiyang'ana ngati ndaitukwana. Nthochi zathu tinagwetsa zonse, nkumaduladula mathunthu ake ndi kuwaza kamchere.

Gaga ndiye musanene. Kale tinkathira nkhuku, lero ndi chakudya cha anthu. Ndikamadutsa pamtondo ndi lichero m'manja, amayi anzanga amandipatsa moni atakhalira dengu. Sindiwadandaula. Inenso ndikanakhalira.

Tinaganizapo zotumiza ng'ombeyi cha ku Sinda, kumene akuti madambo ena sanapse. Koma mkaka sungayende ulendo umenewo tsiku ndi tsiku osasasa, ndipo kunyamula khanda lofooka kupita nalo kwa anthu osawadziwa m'chaka cha njala, ndani angatilandire? Tinasiya.

Thole lake, kamwana kamphongo kaja simunakaone, linafa masiku apitawa. Poyamba tinkagawa bwino, mawere awiri a thole, awiri a mwana. Kenaka tinayamba kulibera, ndipo tsiku lina linagona pansi osadzukanso. Nsaluyanga nayo nthiti zili poyera, pa mafupa a m'chiuno mutha kupachikapo thumba. M'mawa wina pamafunika amuna awiri kuti aidzutse. Abambo ena a m'mudzi ayamba kumabwera kukhola, ati kudzaizonda. Amaima nkumapukusa mitu, mmodzi nkumati, "Aphunzitsi, nyama imeneyi mukaichedwetsa mudzadya mafupa okha." Ndinawauza kuti odwala wathu sakulandira alendo.

Mkaka umene unkadzaza chipanda, wina nkutsalira amayi, lero sukwana botolo kawiri. Ndimathira madzi ambiri kuposa mmene adona ananenera. Mwana amamwa, amamaliza, nkumayamwabe mphira wouma akundiyang'ana.

Amayi, amene ankathawa ng'ombeyi ikangopukusa mutu, lero ndi amene amakama. Chifereni thole imakaniza mkaka kwa wina aliyense, koma amayi akaisisita pakhosi nkumaiyankhula ngati munthu, imalola. Mwana nayenso botolo amalandira bwino m'manja mwawo, kwa ine amavuta. Tsiku lina ndinawapeza akusolola udzu padenga la nyumba yawo, mbali ija munawafolerera musanapite. Amauduladula, kuunyika m'madzi amchere, nkuipatsa. Pano masana m'nyumba mwawo mumalowa dzuwa. Phala lawo la gaga amati adya kale, koma mbale ndimaipeza kukhola.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera. Pamudzi ponse pano malo obiriwira atsala amodzi okha, ndiwo dimba la Dinnah.

Mukulidziwa, mpanda wa minga munatchinga nokha, ndipo kasupe wa pakati paja sanaphwe ngakhale chaka chino. Dinnah anabzala mbatata ali ndi pakati potopa, ine ndikumukalipira kuti apume. Ankati mwamuna wake akadzabwera asadzapeze nsima ya gaga yokha. Ngakhale ali gone, kutatsala pang'ono kuti atisiye, anandifunsa ngati mbuzi sizinaboole mpanda.

Sizinaboole. Kholowa wa mbatata zija wayanga dimba lonse mpaka wakwera mpanda. Nsenjere munabzala m'mbali zatalika kupitirira munthu. Nzimbe zilimo, nthochi zilimo, udzu wa m'ngalande ukufika m'chiuno. A Tobias anayang'ana ali kunja nkunena kuti ng'ombe imodzi ingadye za mmenemo mpaka mvula, tikamaimwetera pang'onopang'ono.

Nsaluyanga nayo ikudziwa. Ikamasulidwa siyang'ananso kudambo. Imatsetsereka yokha mpaka pampanda nkuima pamenepo tsiku lonse, kumangonunkhiza. Kholowa yense amene anatulukira kunja inamumaliza, ndipo milomo yake ili ndi zilonda za minga. Amayi anati zotuluka zokha zilibe mlandu, wapereka ndi mwini wake.

Koma kulowamo, ayi. Mwambo mukuudziwa. Nyumba ya Dinnah ndi yotseka, nkhokwe yake ndi yomanga, dimba lake salowamo munthu, kufikira maliro atatha. Ife abale tinameta. Koma mwamuna wake sanamete, sanasudzulidwe, ndiye maliro akadali pamudzi. Amayi akuti Dinnah sanapite patali, akudikira kuti mwamuna wake amutsanzike, ndipo akuyenderabe mbatata zake. Akuti tikamubera za m'dimba, zilowe mwa ng'ombe, mkaka ulowe mwa mwana, ndiye kuti tamulambulira tokha njira yodzatengera mwanayo.

A Tobias anawatsegulira Buku. Anati akufa ali m'manja mwa Mulungu, sayendera mbatata. Anafunsanso kuti ndi mayi uti angatenge mwana wake chifukwa cha kholowa. Amayi anamvetsera mpaka iwo anamaliza, kenaka anati, "Aphunzitsi, inu mwaika ana angati m'manda? Ine ndaika anayi, ndipo mwa onsewo wandisiyira kanthu m'manja ndi uyu yekha. Lowani ngati mukufuna, sindikugwirani dzanja. Koma mkaka umenewo mudzamumwetse nokha, manja anga asadzaukhudze." Ananena mosakweza mawu. A Tobias anatseka Buku.

Ine ndine Mkhristu, alamu, ndinabatizidwa tsiku limodzi ndi Dinnah. Lolemba lapitali ndinatenga chikwakwa nkupita ndekha kudimba, mtima utalimba. Ndinafika pakhomo pa mpanda, ndinagwira ndi chitsamba chomwe cha minga chotsekera. Ndiye ndinaona khasu lake lili pomwe analisiya, litatsamira nthochi, ndi chikho chake chothirira chili chovundikira pambali pa kasupe. Sikuti ndinaopa mzimu. Ndinangoona kuti mwini wake sanatsanzike. Ndinabwerera chikwakwa chili chouma, ndikulira njira yonse, ng'ombe ikunditsata pambuyo.

Ndipo kunena zoona, mwanayu ndi wofooka kale. Nditati ndilowe lero, iye nkudwala mawa, amayi sadzadyanso chophika ine mpaka imfa, ndipo mudzi wonse udzati Loyce ndiye anapha mwana wa mng'ono wake. Mtolo umenewo ndayesa kuusenza m'maganizo, wandikanika.

A Sylvester, amene muli nawo pa famupo, atabwera kudzaona kwawo ndinawapanikiza kuti andiuze zoona za inu. Anayamba ndi zoti bwana wanu sakulolani kuchoka chaka chisanathe. Ndinati zimenezo ndamva, nanga dzanja lolembera nalonso ndi la bwana? Anayang'ana pansi, kenaka anandiuza.

Akuti tsitsi lanu simunalikhudze chimvereni uthenga, lafika pobisa makutu. Akuti anzanu a kuno kwathu anafuna kukumetani komweko, inu munakana. Akuti munawauza kuti, "Ndikameta ndiye kuti Dinnah wapitadi. Akandisudzula adzagwetsa nyumba yathu, adzandipatsa nkhwangwa yanga ndi mphasa, adzandiperekeza pamphambano. Mwana ndi wa kuchikazi. Ine kwa Kalumphira ndidzakhala ndani? Ndizidzaodira ngati wogulitsa mchere."

Nditamva zimenezo mkwiyo wanga unatha. Ndinali nditakonza mawu ambiri okulasani nawo, ena okoma ndithu, ndipo ndikudandaula kuti angowonongeka. Ndinkayesa mwatiiwala, kapena mwapeza wina wa nsapato ku Halaleko. Sindinadziwe kuti mukukana kumeta chifukwa choopa kutitaya. Ndinakumverani chisoni, ndipo mpaka pano ndikukumverani.

Koma alamu, tamverani. Kumeneko mumadzuka m'mawa kuthira udzu wouma ndi gaga m'modyera ng'ombe za mzungu, mumakama zidebe zodzaza. Mukudziwa kuposa ife tonse kuti ng'ombe yosadya imatha nthawi yaitali bwanji ikutulutsa mkaka. Ine sindikudziwa. Ganizani nokha.

Mawu anu aja ndinawafikitsa kwa amayi. M'mawa mwake anatumiza uthenga ku Vubwi kwa amalume a Jonasi, eni mbumba yathu. Anabwera wapansi, ndi ukalamba wawo uja. Anaitanitsanso ankhoswe anu. Anakhala pansi pa mkuyu kuyambira m'mawa, ine ndikuyendayenda pafupi ngati ndataya singano.

Poyamba amalume anati munthu sameta maliro kutali ndi manda, zimenezo sanazionepo chibadwire. Ankhoswe anu anayankha kuti mmene iwo ankabadwa kunalibenso Halale. Amalume anati mwambo suyenda ndi sitima. Ankhoswe anati anyamata onse akapita, nanga maliro azimeta ndani, mbuzi? Anakokana choncho mpaka dzuwa linapendeka.

Amene anamaliza nkhani ndi amayi. Anali ndi mwana pamiyendo. Anati, "Achimwene, mwana wanga sakudikira miyendo ya mwamuna wake, akudikira mutu wake. Tsitsi likabwera, wabwera." Amalume anawomba m'manja.

Tsono agwirizana chonchi. A Sylvester ndi a banja limene limatiikira maliro, choncho ndi adzukulu athu, dzanja lawo ndi lololedwa. Akubwerera kwanuko mawa ndipo kalatayi ndapatsira iwo. Atenganso lumo lomwe tinametera ife tonse, ndalikulunga m'kansalu koyera. Akumeteni tsiku lomwe afike. Tsitsilo mulikulunge m'kansalu komweko, muike mu envulopu, mutumize pa positi m'dzina la a Tobias kudzera ku Nyanje. Musadikire munthu wobwera kumudzi, wapansi amachedwa.

Likafika, ankhoswe anu adzaima m'malo mwanu, amalume adzanena mawu otsanzika, tsitsi lanu lidzakwiriridwa pamene tinakwirira lathu, ndipo tsiku lomwelo minga idzachotsedwa pakhomo pa dimba. Mulembenso mawu ochepa oti ng'ombe ndi ya mwana, kuti abale anu asadzaitenge pamodzi ndi nkhwangwa ija.

Za mantha anu aja ndinafunsa pamaso pa onse, kuti mawa wina asadzakane. Amalume anati nyumba idzagwetsedwa, umenewo ndi mwambo, sangausinthe. Koma khola limene munamanga ndi manja anu silikhudzidwa. Anati mkamwini amasudzulidwa, inde, koma mwini khola saodira, amangolowa kudzaona chiweto chake. Amayi anawonjeza kuti malo a nyumba ina alipo pafupi ndi kholalo, mukadzafuna. Musadzidzimuke, sakukupatsani ine. Ndili ndi a Tobias anga, ndipo ngakhale ndikanapanda, pakamwa pangapa simukanatha napo mwezi.

Dzina mwana sitinamutche, tikudikira inu. Koma munthu sangakhale wopanda choitanira, ndiye amayi anayamba kumutchula ndi mfunda wanu, mudzi wonse nkutengera. Amayi opita kumadzi amaima pakhomo nkufunsa kuti, "A Sakala agona bwanji?" Amalume atangofika, asanamwe ndi madzi omwe, anagwada nkumuwombera m'manja, "Sakala!" Pamudzi pano dzina lanu likutchulidwa tsiku lililonse, kuposa pamene munalipo, ndipo limenelo lumo silingachotse.

Chimene chingakusandutseni mlendo si kumeta ayi. Ng'ombe ikagwa mwana atsatira, ndipo pamenepo ndi pamene kwa Kalumphira mudzakhale mulibe kanthu koma manda awiri.

Ife tiyesetsa kukoka. Mitengo ya misangu ya kutsidya yayamba kugwetsa zipatso zake, ndimalawirira kukatola mbuzi zisanamasulidwe. Denga la amayi latsala mbali imodzi, ndipo likatha a Tobias avomera kuti tiyambe lathu. Ulendo uno sakuopanso kusekedwa, adzuka nawo kukathyola masamba asanalowe m'sukulu. Ndikuganiza tingafike nazo mwezi wa mawa, mwina kupitirirako pang'ono. Mvula ndiye ikadali kutali.

Mundiperekere moni kwa a Kenneth, mwana wa azakhali athu. Muwauze kuti amayi awo akadali moyo ndipo akufunsa ngati mapepala anatha ku Halale. Moni kwa onse a kwathu amene muli nawo kumeneko. Amayi akupereka moni, akuti mukameta muzivala chipewa, dzuwa la mwezi uno silisankha. A Tobias akuti amakutchulani m'pemphero tsiku lililonse. Ana anga akuti moni kwa bambo aang'ono. Mulungu akusungeni, akupepuzeni mtima, ndipo akupatseni mphamvu yokhala pansi a Sylvester akamasula kansalu.

Chomaliza ndi ichi, ndipo ndinafuna kukubisirani. Mwana ali ndi mwezi umodzi amayi anamumanga mkuzi wa mikanda m'chiuno, kuti tizionera mmene akukulira. Kawiri konse tinaumasula nkuwonjeza chingwe, tikuseka. Lero m'mawa ndikumusambitsa ndinamunyamula m'khwapa, mkuzi uja nkutsetsereka wokha mpaka kugwera m'madzi. Amayi sanaone. Ndaufupikitsa, ndamumanganso.

Metani, alamu.

Ine mlamu wanu,
Loyce Nambewe